Kodi Manambala a Kutentha kwa Dziko Amakonzedwa Mwachinyengo?

Pa zonse zimene ndawerenga m'phunziro la kusintha kwa nyengo, mfundo imene yanditengera nthawi yaitali ndi ya anthu okayikira, omwe amati akatswiri amasintha manambala kuti zioneke ngati dziko likutentha kwambiri. Mfundoyi si yongoitaya, chifukwa n'zoona kuti mabungwe a boma ofufuza za nyengo monga NASA ndi NOAA a ku United States amayamba akonza manambalawo asanawafalitse. Chofunika ndi kudziwa chifukwa chake amawakonza, ndiponso ngati kukonzako kumakweza kapena kumatsitsa zotsatira.

Nkhani ya m'nyanja zikuluzikulu ndi imene inanditsegula maso. Kale amalinyero ankatunga madzi ndi ndowa, zambiri zansalu yokhuthala, n'kuzikokera m'sitima, ndipo pofika nthawi yoviikamo choyezera kutentha, madziwo amakhala atazizirako ndi mphepo. Cha m'nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, sitima zambiri zinayamba kuyeza madzi olowera ku injini, amene amakhala otentherapo. Munthu akalumikiza manambala a njira ziwirizi osawakonza, angaganize kuti nyanja zinatentha mwadzidzidzi, pamene chimene chinasintha ndi kayezedwe chabe. Choncho akatswiri amakweza manambala akale a m'nyanja. Pamtunda kukonzako kumakweza zotsatira m'madera ena, makamaka ku United States, koma popeza nyanja zimatenga pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a dziko, zonse zikaphatikizidwa, kutentha komwe kwachitika kuchokera mu 1880 kumaoneka kocheperapo kusiyana ndi mmene manambala osakonza akusonyezera. Sindikuona chifukwa chimene munthu wofuna kunamiza anthu angafooketsere yekha mfundo yake motero.

Richard Muller, katswiri wa fizikisi ku yunivesite ya California ku Berkeley, nayenso ankakayikira. Mu 2010 anayambitsa kafukufuku wa Berkeley Earth, amene mbali ina ya ndalama zake inachokera ku bungwe la Charles Koch, munthu wolemera wochita bizinesi ya mafuta amene amadziwika pothandiza magulu okayikira za kusintha kwa nyengo, ndipo gulu lake linaunika ngakhale dandaulo lakuti malo oyezera nyengo a m'mizinda amatenthedwa ndi nyumba komanso misewu ya phula. Zotsatira zake zinagwirizana ndi za NASA ndi NOAA, ndipo mu 2012 Muller ananena poyera kuti pafupifupi kutentha konseko kwabwera chifukwa cha zochita za anthu.

Amene amati dzuwa ndilo likuchititsa kuti dziko litenthe ali ndi vuto lina loti alilongosole. Dzuwa likadakhala kuti ndilo lawonjezera mphamvu, mpweya wam'munsi ndi wam'mwamba ukadatenthera limodzi, koma masetilaiti akusonyeza kuti kuyambira 1979 wam'munsi ukutentha pamene wam'mwamba kwambiri ukuzizira, monga zimachitikira mpweya wa carbon dioxide ukachuluka. Pamene wasayansi Charles David Keeling anayamba kuyeza kuchuluka kwa carbon dioxide mumlengalenga pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali pafupifupi magawo 315 pa miliyoni, ndipo tsopano wapitirira 420.

Mkangano umene ndimauona kuti ndi waphindu uli pa kukula kwa kutentha kumene kudzakhalepo mpweyawu ukadzawirikiza kawiri. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, linati mwachionekere kutentha kudzakwera ndi madigiri Celsius apakati pa 2.5 ndi 4, ndipo akatswiri akufufuzabe, makamaka za mmene mitambo idzasinthire dziko likamatentha.