Zikomo nonse amene munawadzutsa bambo pampando

Abale anga a ku Joni kuno, ndi inu akumudzi amene mwakhala mukuimba foni kufunsa za bambo, lero ndabwera kudzathokoza. Lamulungu lapitali bambo, omwe ali ndi zaka 74, anayenda okha kuchoka kunyumba kwathu ku Rosettenville mpaka kutchalitchi, ndodo ili m'manja koma osaitsamira kwenikweni. Amene munawaona mu Julayi mukudziwa chifukwa chake mtima wanga wadzaza chonchi.

Chibayo chinawagwira nthawi yozizira ija, n'kugonekedwa m'chipatala masabata angapo. Chibayocho chinatha, koma amene tinabwera nawo kunyumba sanali bambo amene tinkawadziwa. Munthu woti ali mnyamata anagwirapo ntchito m'migodi ya konkuno nthawi ya Wenela, tsopano ankalephera kudzuka pampando popanda womukoka. Malaya onse anawakulira. Ngakhale chivindikiro cha botolo chinkawakanika. Koma chimene chinkatiwawa kwambiri n'kuiwala. Ankasokoneza mayina a zidzukulu, ndipo madzulo ena ankafunsa ngati mbuzi zalowa m'khola, chonsecho tili m'nyumba yosanja pakati pa tauni.

Oyamba kuwathokoza ndi mayi a physio, othandiza odwala kubwezeretsa mphamvu m'thupi ndi masewera, amene chipatala chinatitumizako. Iwo anatikhazika pansi n'kutiuza kuti kufooka kwa anthu okalamba kuli ndi zizindikiro zisanu zimene madokotala amayang'ana: kuonda mosadziwika bwino, kutopa nthawi zonse, manja kuchepa mphamvu, kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, ndi kungokhala osatakataka. Munthu akakhala ndi zitatu mwa izi amamuwerengera kuti wafooka. Bambo anali nazo zonse. Anatifotokozeranso kuti wokalamba akagona pabedi masiku 10 okha, minofu ya m'miyendo imatha kuchepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, koma kuti minofuyo imabwerera ndithu ikamagwiritsidwa ntchito, ngakhale kwa munthu wazaka zoposa 80.

Apa m'pamene panali povuta. Kwathu ulemu ndi woti wamkulu akhale pansi, madzi umupatsire m'manja, mbale umuchotsere. Ndi ulemu wabwino ndipo sindingaunyoze, koma kwa munthu amene wangotuluka m'chipatala, kumuchitira chilichonse kumamumaliza miyendo. Mayi aja anatiphunzitsa kuima pambali pa bambo, manja ali chire, n'kuwasiya adzuke okha. Anayamba ndi kudzuka ndi kukhala pampando mobwerezabwereza. Kenako kuima ndi mwendo umodzi atagwira tebulo, kunyamula mabotolo a madzi, ndi kuyenda m'khonde. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza anthu azaka 65 kupita m'tsogolo kuti azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri, ndipo masiku atatu azichitako zowathandiza kuima molimba kuti asamagwe. Bambo anayambira kutali ndi pamenepo, koma tinkadziwa komwe tikulowera.

Chimene chinandidabwitsa n'choti miyendo itayamba kulimba, mutu nawo unayamba kubwerera m'malo. Adokotala anati zimayendera limodzi: munthu akamayenda, magazi amafika bwino ku ubongo, BP imatsikako, tulo timabwera, ndiponso amakumana ndi anthu n'kumacheza. Ku America, kafukufuku wa mu 2011 wa anthu okalamba 120 anapeza kuti mwa amene ankayenda ndawala katatu pa sabata kwa chaka chimodzi, mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira zinthu inakula ndi pafupifupi 2 peresenti, pamene kawirikawiri imanka nichepa munthu akamakalamba. Sindikunena kuti kuyenda ndi mankhwala ochiza matenda oiwala, ayi. Mapilitsi a BP akumwabe, ndipo pena amaiwalabe pomwe aika magalasi. Koma zidzukulu akuzitchula mayina osaphonya, ndipo nyimbo za m'buku akuimba pamtima ngati kale.

Achimwene amene mumagwira ntchito yaulonda usiku, inu munkaweruka m'mawa tulo tili m'maso, koma n'kudzawatenga bambo kuti mukayende nawo kupaki ya m'mbali mwa damu la Wemmer Pan. Tsiku limene ankakana, munkawanyengerera ndi bawo, kuti akayenda kaye ndiye musewera. Bawo limenelo linawagwiritsa ntchito mutu kuposa mmene mukuganizira. Sindikudziwa kuti ndikubwezereni chiyani, Mulungu yekha akudalitseni.

Amayi a Mvano, zikomo chifukwa cha mapemphero, komanso mazira, nyemba ndi mkaka zomwe munkabweretsa titauzidwa kuti minofu singamere ndi phala lokha. Amalume, usipa umene munatumiza pa basi tinakaulandira ku Park Station, ndipo tsiku limenelo bambo anamaliza nsima yonse koyamba chitulukireni m'chipatala. A pagulu lathu la WhatsApp munasonkha ndalama za thiransipoti yopitira ku physio musanapemphedwe n'komwe. A neba athu Achizulu, omwe ankawaperekeza pamasitepe ife tili kuntchito, nawonso ndawathokoza pamaso.

Mayi a ana anga, inu ndiye munasenza zambiri. Munkawerengera bambo mokweza akamadzuka pampando, kuwalimbikitsa akakhumudwa, kuwasamalira ngati okuberekani. Ana nawo ankachita nawo masewerawo kuti agogo asachite manyazi. Ndipo bambo, inu amene munkaluma mano n'kudzukanso ngakhale mawondo akunjenjemera, tikukunyadirani.

Ngati muli ndi kholo kapena agogo amene ayamba kufooka kuno ku Joni, kafunseni kaye kukiliniki ngati angayambe masewera, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima kapena amamva chizungulire. Akakulolani, bwerani nawo Loweruka m'mawa ku Wemmer Pan. Timayenda mwa liwiro la amene ali pambuyo, ndipo bawo timanyamula.