Mabatire a pamalo opukusira magetsi a mphepo amasungira ndani?

Masiku ano kampani ikafika kudera lakumudzi ndi ganizo lomanga makina opukusira magetsi a mphepo, imabweranso ndi lonjezo lakuti pambali pa nsanja za makinawo padzakhala mabatire akuluakulu osungira magetsi. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti vuto la mphepo, yomwe imaomba ndi kuleka mosapangana ndi munthu, latheratu, ndiponso kuti nyumba zoyandikana ndi malowo ziyamba kuwala usiku wonse. Ine ndikuona kuti ziyembekezo ziwirizi ziyenera kuunikidwa bwino msonkhano usanafike pa nkhani ya ndalama za malo.

Makinawa amayamba kupukusa magetsi mphepo ikafika liwiro la mamita 3 kapena 4 pa sekondi, ndipo ambiri amaimitsidwa ikapitirira mamita 25 kuopa kuti mapiko angawonongeke. Pakati pa malire amenewa, liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepoyo imawirikiza ka 8, n'chifukwa chake magetsi otuluka amakwera ndi kutsika kwambiri tsiku limodzi lomwelo. Malo olembedwa kuti ndi a mamegawati 100 (megawati ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi), ukawerengera chaka chonse, kawirikawiri amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imeneyo.

Batire imathandiza pamenepa, koma kwa nthawi yochepa. Ya ku Hornsdale, ku South Australia, yomwe kampani ya Tesla inamanga mu 2017 pafupi ndi makina a mphepo, inkatha kutulutsa mamegawati 100, koma zimene inkasunga zinali zokwanira ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Zambiri zimene zikumangidwa tsopano zimakwana maola awiri mpaka anayi. Ntchito yake yeniyeni ndi kulandira magetsi pamene achuluka, kuwabweza madzulo pamene anthu akuphika ndi kuyatsa nyale, komanso kuchirikiza nthambo za dziko lonse m'kanthawi kosakwana sekondi makina ena akazima mwadzidzidzi. Imeneyi ndi ntchito yofunika ndipo sindikuipeputsa, koma mphepo ikangoti zii sabata yathunthu, batire yotere ilibe chochita. Choncho wofunsa asakhutire ndi chiwerengero cha mamegawati, afunse za maola.

Funso lachiwiri ndi la kumene nthambo zikulowera. Ku Kenya, pafupi ndi Nyanja ya Turkana, kuli makina 365 a mamegawati 310 onse pamodzi, omwe anali okonzeka mu 2017 koma anadikira mpaka 2018 kuti nthambo za makilomita oposa 400 zopita ku Suswa zithe. Magetsi a nthambo zotere amadutsa pamwamba pa midzi osaima, pakuti kuti alowe m'nyumba pamafunika thiransifoma ndi mapolo ang'onoang'ono, ndipo ntchito imeneyo nthawi zambiri imakhala ya bungwe lina logawa magetsi. Ngati sizinalembedwe m'pangano, mudzi ukhoza kukhala mumdima uku mapiko akuzungulira kuseri kwa khola.

Za malo nazonso n'zosafunika kuthamangira. N'zoona kuti tsinde la nsanja limatenga malo ochepa ndipo ziweto zimadya msipu pansi pake bwinobwino, koma pali misewu yotakata yodutsa magalimoto onyamula mapiko, maziko akuya a konkire, ndi mpanda wa mabatire momwe zoziziritsira zimalira usana ndi usiku. Mu 2021 khoti la ku Meru, ku Kenya, linagamula kuti ziphaso za malo a ntchito ya ku Turkana sizinaperekedwe motsata lamulo, ndipo chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Norway linapeza kuti makina a ku Fosen anaphwanya ufulu wa abusa a mtundu wa Sami. Milandu yonse iwiri inagamulidwa nsanja zitaima kale.

Makina a mphepo amakhala zaka pafupifupi 25, pamene mabatire amafooka msanga ndipo amafunika kusinthidwa nthawiyo isanakwane. Pangano linene momveka kuti adzazule nsanja ndi kuchotsa mabatire otha ntchito ndi ndani, ndiponso kuti ndalama za ntchitoyo zikusungidwa kuti, chifukwa kampani yosaina lero ikhoza kugulitsa malowo kwa ina zaka khumi zisanathe.