Kope la ngozi limene timayenda nalo pofufuza pansi pa nthaka

Ntchito yathu ndi kuona zomwe zili pansi pa nthaka tisanakumbe. Munthu akafuna mjigo, ife ndiye timamuuza poti aboole. Timakhoma zikhomo zachitsulo mumzere, n'kuzilumikiza ndi waya wautali, kenako n'kulowetsa magetsi m'nthaka. Makina amationetsa pomwe thanthwe linafumbutuka kapena kung'aluka, ndipo madzi amakhala m'ming'alu imeneyo. Ofesi ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Tilipo ine, alamu anga amene anaphunzira za miyala ku University of Zimbabwe, ndi anyamata okoka waya.

Tinayamba kolera ya 2008 itangopha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Ku Budiriro ndi ku Glen View, mu Harare momwemuno, maliro anali osatha, mipopi ili gwaa, ndipo aliyense wokhala ndi kangachepe ankafuna mjigo. Kenaka eni migodi ing'onoing'ono ya golide ku Mazowe, Shamva ndi Kadoma anayamba kutiitana, ndipo m'pamene nkhani ya ngozi inakula.

Makampani akuluakulu amalemba munthu woyang'anira za chitetezo basi. Ife ndalama zimenezo tilibe, tili ndi kope. Timalembamo ngozi zomwe zinapha anthu, chomwe chinachititsa, ndi funso loti kodi zoterezi zingatipeze bwanji ifeyo kutchire.

Tsamba loyamba ndi la Kamandama. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie No. 2 ku Hwange, womwe umatchedwanso Kamandama, unaphulika n'kupha anthu 427, Amalawi ali pomwepo. Ife ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu tinakula tikuimva nkhaniyi. Mumgodi sitilowa ayi, koma chinandigwira mtima n'chakuti moto wa mpweya wa methane unakula chifukwa cha fumbi la malasha, fumbi lomwe anthu ankaliponda tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake tikafika pamalo sindifunsa za zoopsa zachilendo. Ndimafunsa zomwe eni malo anazizolowera mpaka anasiya kuziona.

Mphenzi ili ndi masamba ambiri kuposa china chilichonse. Pa 23 December 1975, kum'mawa kwa dziko lino chakufupi ndi Mutare, mphenzi imodzi inapha anthu 21 amene anabisala mvula m'nyumba yaudzu. Tsono taganizirani ife: waya wa mamita mazana angapo ali tambalale pambalambanda, zikhomo zachitsulo zili m'dothi lonyowa, mnyamata atagwira kumapeto. Bingu likangogunda, ngakhale patali, timachotsa waya kumakina, tonse m'galimoto, ndipo sitituluka mpaka patatha mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Kuyambira November mpaka March timalawirira m'mamawa, chifukwa mitambo imakonda kusonkhana masana. Zoti mphenzi imachita kutumidwa sindilimbana nazo. Anyamata ndimangowauza kuti yotumidwa ndi yosatumidwa, zonse zimayenda m'waya.

Makasitomala ena zimawapweteka. Bambo wina ku Ruwa, makina oboolera atawalipira kale, anandiuza kuti, "Achimwene, kamvula aka ndiye mpaka kupakira katundu?" Ndinati, "Bambo, pepani, tibwera mawa mbandakucha, mafuta ndi athu." Anang'ung'udza, koma madzi akumwa mpaka lero.

Ku migodi mphunzitsi wathu ndi ngozi ya ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma. Mu February 2019 mvula yamphamvu inagumula damu, madzi n'kuthira m'maenje a golide momwe munali anthu. Anatulutsa mitembo 24, amoyo 8 okha. Mu November 2020 mgodi wa Ran ku Bindura unagumukira anthu. M'madera amenewa pansi ndi mphako zokhazokha. Maenje akale abisala m'tsekera, ndipo woyenda ndi makina oyeza maginito a miyala maso ake amakhala pa manambala, osati pomwe akuponda. Choncho tsiku loyamba makina satsika m'galimoto. Timangoyenda mizere yonse ndi munthu wa pamalopo, kawirikawiri mmodzi wa makorokoza (okumba golide paokha) akale, amene amadziwa dzenje lililonse ndi amene analikumba. Tikapeza dzenje timamangapo nsanza yofiira. Timakweranso kumtunda kukaona ngati kuli damu, ndiponso ngati khoma lake likudontha.

Kumalire ndi Mozambique, monga ku Rushinga, anakwirira mabomba m'nthaka pa nkhondo ya m'ma 1970. Kumeneko chikhomo sitikhoma pokhapokha tatsimikiza kuti ochotsa mabomba monga a HALO Trust anamalizapo.

Magetsi a makina athu nawonso si amasewera, amafika mavolti mazanamazana. Woyatsa ndi mmodzi yekha, ndipo sayatsa aliyense asanayankhe pa wailesi kuti manja achoka pazikhomo. M'tauni muno vuto ndi ana, amene amalondola waya ngati aona gule. Mnyamata mmodzi ntchito yake imakhala kuwaingitsa basi.

Zonsezi zimadya ndalama, ndipo ntchito zina zimapita kwa anzathu otchipa amene amayeza tsiku lomwelo n'kubwerera usiku. Ife usiku sitiyenda pamsewu. Tsiku loyendera malo timalilemba poyera pa invoisi, pamzere wakewake, ndipo kasitomala akati tilichotse timamuuza mwaulemu kuti apeze ena.