Kuwala kwa moto wowotcherera ndi maso anu

Kuwala kwa moto wowotcherera zitsulo kumapsereza kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso lenilenilo, koma ululu suyamba pomwepo. Umabwera patatha maola 6 mpaka 12, nthawi zambiri usiku: maso kufiira, misozi, kumva ngati mwalowa mchenga. Magalasi a dzuwa sathandiza, ngakhale akhale akuda bii. Pamafunika galasi lapadera lowotcherera, lomwe nambala yosonyeza kuda kwake ndi 10 mpaka 13, malinga ndi mphamvu ya moto, ndipo likang'aluka lisintheni. Wogwirizira chitsulo nayenso amapsa maso, ngakhale ambiri amamuiwala.

Popala chitsulo ndi galayinda valani magalasi oyera otchinga ndi m'mbali. Kachitsulo kakalowa m'diso musatikite kapena kutokosa; tsukani ndi madzi oyera. Kakakanirira pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kamasiya dzimbiri m'diso. Mkaka ndi madzi a zitsamba zimangolowetsamo tizilombo.