Tayimingi ya magineto pa injini zakale

Abale anga kuno ku Harare amene mukusungabe injini zakale za petulo, zija zopopera madzi kapena njinga zamoto za BSA, chonde injini ikangoyamba kuvuta musamathamangire ku Magaba ku Mbare kukasaka magineto ina, nthawi zina vuto ndi tayimingi basi, ndiye kuti nthawi imene moto umatulukira pa pulagi. Magineto imapanga yokha magetsi, sifuna batire, ndipo moto umatuluka pa pulagi mapointi, tizitsulo tiwiri togundana tam'magineto, akangoyamba kutseguka.

Yambani ndi gapu ya mapointi, pa magineto za Lucas ndi 0.012 inchi, chifukwa mukasintha gapu tayimingi nayonso imasuntha. Kenako chotsani pulagi, zungulitsani injini pisitoni izikwera pa kompulesheni, muyime isanafike pamwamba penipeni, muyezo wake uli m'buku la injiniyo. Ngati pali liva ya advance, yofulumizitsira moto, ikhale kumapeto kofulumizitsa. Masulani nati ya giya ya magineto, ikani kapepala kopyapyala kopichirira fodya pakati pa mapointi, muzikokako pang'onopang'ono uku mukutembenuza shafiti ya magineto, kakangomasuka ndi pomwepo.

Pomanga nati giya imatha kutsetsereka, ndiye yesaninso musanatseke. Moto ukachedwa injini imangotentha mphamvu palibe, koma ukafulumira kwambiri handulo imabweza, ndipo imathyola dzanja ndithu.