Kalata imene inagwetsa Peng Dehuai

Mwa akuluakulu khumi a asilikali amene dziko la China linawapatsa udindo wa Marshal mu 1955, amene mbiri yake imandikhudza kwambiri ndi Peng Dehuai, yemwe anali wachiwiri pamndandanda, pambuyo pa Zhu De. Munthuyu anakhala pakati pa zipolopolo kwa zaka zoposa 30 osagwa, koma anadzagwetsedwa ndi kalata imodzi yonena za mavuto a alimi.

Peng anabadwa mu 1898 m'boma la Xiangtan m'chigawo cha Hunan, komwenso kunali kwawo kwa Mao Zedong, yemwe anadzakhala mtsogoleri wa China. Banja lake linali losaukitsitsa. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, sukulu anaisiyira panjira, ndipo asanakule n'komwe anali atapemphako kale chakudya m'makomo mwa anthu komanso atagwirako ntchito mu mgodi wa malasha. Mu 1916 analowa usilikali monga msilikali wamba, m'gulu la mmodzi mwa atsogoleri ankhondo amene ankadzilamulira okha ku Hunan. Mu 1928 analowa chipani cha Chikomyunizimu, natsogolera asilikali ake kugalukira boma ku Pingjiang, kenako anapita nawo kumapiri a Jinggang kumene kunali Mao ndi Zhu De. Anayenda nawo pa ulendo wautali wa 1934 mpaka 1935, pamene asilikali a Chikomyunizimu ankathawa asilikali a boma, ndipo mu 1940 anatsogolera nkhondo yaikulu yophwasula njanji, milatho ndi migodi imene inali m'manja mwa asilikali a Japan kumpoto kwa China.

Kumene dzina lake linamveka padziko lonse ndi ku Korea. Mu Okutobala 1950 anawolotsa asilikali a China pa mtsinje wa Yalu kukathandiza North Korea pa nkhondo, ndipo pofika Januwale 1951 anali atabweza asilikali a United Nations mpaka kulanda mzinda wa Seoul, likulu la South Korea. Komabe chipambanocho chinagulidwa ndi miyoyo yambiri. Ndege za America zinkalamulira mlengalenga, choncho asilikali ake ankayenda usiku n'kumabisala masana, osakoleza moto poopa kuti utsi uwaulula. Chakudya chawo chinali ufa wokazinga umene aliyense ankanyamula m'kathumba kansalu. Ankatapa ufawo pang'ono n'kuumezera ndi chipale chofewa. Ambiri anapuwala miyendo ndi chisanu. Mu Febuluwale 1951 Peng anabwerera ku Beijing kukauza Mao maso ndi maso kuti asilikali alibe chakudya, zovala ndi zida zokwanira, ndipo nkhondoyo siingathe msanga. Kunena zimenezi kunafunika kulimba mtima, makamaka poganizira kuti mwana wa Mao, Mao Anying, anali ataphedwa ndi bomba pa likulu la Peng miyezi itatu m'mbuyomo.

Nkhondo itaima mu 1953, Peng anakhala nduna ya zachitetezo mu 1954. Ku Korea anaona kuti kulimba mtima pakokha sikukwanira, motero analimbikira kuti asilikali akhale ndi maphunziro, maudindo odziwika, malipiro okhazikika ndi zida zamakono, potengera dongosolo la Soviet Union. Pano ndiyenera kunena kuti sanali munthu wopanda banga. Anali waukali ndi wolankhula mokhadzula, ndipo mu 1958 anatsogolera msonkhano umene unadzudzula akuluakulu anzake monga Su Yu ndi Liu Bocheng, mpaka Su Yu anachotsedwa pa udindo wake. Njira yomweyo inadzamugwera iye patangotha chaka.

Mu 1958 Mao anayambitsa ndondomeko ya Great Leap Forward. Alimi anasonkhanitsidwa m'magulu akuluakulu, kumadyera pamodzi, ndipo m'midzi anamanga ng'anjo zosungunulira chitsulo, momwe anaponyamo miphika ndi zipangizo za kumunda pamene mbewu zinkaonongeka posowa okolola. Akuluakulu a m'maboma ankatumiza ku Beijing ziwerengero zokokomeza za zokolola, boma n'kumatenga chakudya molingana ndi ziwerengerozo. Kumapeto kwa chakacho Peng anakacheza kwawo ku Hunan, nadzionera yekha zimenezi. Iye njala ankaidziwa kuyambira ali mwana, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake sanathe kungoyang'ana kumbali.

Pa 14 Julayi 1959, pa msonkhano wa atsogoleri a chipani ku Lushan, analembera Mao kalata. Sinali yamwano. Inayamba ndi kuyamikira zimene zinayenda bwino, kenako inanena kuti kukokomeza ziwerengero kwafika poipa ndiponso kuti atsogoleri atengeka ndi phuma. Mao anaigawa kwa nthumwi zonse, ndipo pa 23 Julayi anaidzudzula koopsa. Peng anatchedwa mtsogoleri wa kagulu kolimbana ndi chipani, pamodzi ndi Huang Kecheng, Zhang Wentian ndi Zhou Xiaozhou, ndipo unduna wake unaperekedwa kwa Lin Biao. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti msonkhanowo unayamba ndi cholinga chochepetsa phumalo, koma zitachitika izi aliyense anatseka pakamwa, ndondomekoyo inapitirira mwamphamvu, ndipo anthu mamiliyoni ambirimbiri anafa ndi njala m'zaka zotsatira.

Peng anakhala zaka zingapo kunja kwa Beijing akulima dimba. Mu 1965 anatumizidwa ku Sichuan kukathandiza pomanga mafakitale a zachitetezo, koma mu Disembala 1966 achinyamata otsatira Mao otchedwa Red Guards anamugwira ku Chengdu n'kupita naye ku Beijing. Mu 1967 anamumenya mpaka kumuthyola nthiti, namuyendetsa pamaso pa makamu a anthu atamukoleka chikwangwani m'khosi, ali ndi zaka pafupifupi 69. Anamwalira ndi khansa pa 29 Novembala 1974 akadali m'manja mwa omusunga, ndipo phulusa lake linasungidwa ku Chengdu pa dzina labodza. Chipani chinayeretsa dzina lake mu Disembala 1978, ndipo mu 1981 chinavomereza polemba kuti Mao analakwitsa pomudzudzula ku Lushan.