Madala a ku Wenxi aja andisowetsa tulo

11 koloko yadutsa kale koma tulo palibe nde bola ndingolemba. Lero ndimachokera ku Xi'an kubwerera kuno ku Taiyuan pa sitima yothamanga ija, nditatopa zedi, sindimafuna zocheza ndi munthu. Titangowoloka mtsinje wa Huang He madala amene anakhala pambali panga anandikodola nkundipatsa kachakudya kobulungira kodzadza chitowe, mkati motsekemera komanso momata m'mano. Akuti ndi zhubing wa kwawo ku Wenxi. Dzinalo limatanthauza chophika m'madzi pomwe chinthucho ndi chokazinga m'mafuta, ndinawafunsa bwanji, anangoseka ati kwawoko amatero basi.

Kenako funso lawo, ukudziwa tanthauzo la Wenxi? Chitchaina changa nchopunduka koma wen ndi kumva, xi ndi chimwemwe, ndinayankha ngati mwana wa sitandade 2 ndipo madala anasangalala kwabasi nkuyamba kulemba zilembo pachikhatho ndi chala. Ati kalekale dera lija linali Quwo mu ufumu wa Jin, a Qin atabwera analitcha Zuoyi. Ndiye mu 111 BC mfumu Wu ya Han ili pa ulendo inafika pamalo otchedwa Tongxiang m'boma la Zuoyi lomwelo, uthenga unaipeza pomwepo zoti asilikali ake agonjetsa ufumu wa Nanyue kummwera, mfumu kukondwa mpaka kulamula kuti pano pakhale boma palokha, dzina Wenxi, kumva uthenga wabwino. Linali pansi pa chigawo cha Hedong, pano lili pansi pa mzinda wa Yuncheng, dzina lomwelo zaka zoposa 2,100. Anayambanso za banja la a Pei la komweko lomwe linatulutsa nduna zambirimbiri koma apo ndinasochera, amayankhula mothamanga.

Ine ndinati agogo, kwathunso mwana timamutcha Chimwemwe kapena Mavuto malinga ndi zomwe zinachitika pobadwa. Anagwedeza mutu kenako anatsitsa mawu ngati akundiuza miseche, ati liliponso boma lina ku Henan, Huojia, la ulendo womwewo. Mfumu itafika ku Ji anaibweretsera mutu wa Lü Jia, nduna yaikulu ya Nanyue. Huojia ndiye kuti tamugwira Jia. Mutu weniweni eti, anachita kulozera pakhosi uku akuseka. Nanenso ndinaseka, kaya ndimaseka chani.

Anatsika pa Wenxi West, anandisiyira zhubing ena awiri mu kapepala. Ine njira yonse pa foni kuwerenga za Nanyue. Likulu lake Panyu ndi Guangzhou ya lero, komwe anthu akwathu amakaoda katundu kuja, ndipo asilikali a Han anauyatsa moto mzindawo. Ufumu wa zaka 93 unathera pomwepo nkuugawa zigawo 9, zina zili ku Vietnam lero. Lü Jia naye sanali mngelo ayi, anapha mfumu yake yomwe, Zhao Xing, pamodzi ndi mayi ake ndi nthumwi za Han chifukwa mfumuyo ndi mayi ake amafuna kupereka dziko m'manja mwa Han. Komabe. Tsiku lomwe munthu wina amamva uthenga wabwino pa Tongxiang, ku Panyu kunali phulusa lokhalokha, ndipo dzina lomwe lili pa chikwangwani cha pa siteshoni ndi la amene anakondwayo.

Mwina ndi njala chabe ikundiganizitsa zonsezi, kapena kuzizira, kapena poti mayi sanayankhe foni kawiri lero. Madala aja sanalakwe kanthu, amanyadira kwawo ngati mmene ine ndimachitira munthu akandifunsa za nyanja. Zhubing mmodzi ndadya, winayo ali pa tebulopa, ndimati ndimusungire mnzanga wa chipinda chino koma mmene akuchedweramu kaya